Khadi la sizoni yonse: kodi kuchotsera mtengo ndi chilungamo kapena kukondera?

Bambo a Chisomo (Kamuzu Road): Akuluakulu, nkhani ija tinaisiya panjira Loweruka ndaibweretsa pano kuti tiimalize. Ganizo ndi lakuti timu ya mpira ya MAFCO izigulitsa khadi limodzi lolowera masewero onse a pakhomo, ndipo wogulayo achotseredweko mtengo. Ena akuti nkukondera anthu a ndalama, ena akuti mpira umayenda choncho kulikonse. Tisakangane m'malere, tiike manambala. Mu Super League muli matimu 16, timu iliyonse imasewera magemu 30, a pakhomo ndi 15. Tingoyerekeza kuti ku open akulowetsa K3,000. Woonera magemu onse 15 polipira pageti watulutsa K45,000. Khadi likakhala K36,000, mwini wake wapulumutsa K9,000, yomwe ndi 20 peresenti, kapena tinene kuti magemu atatu waonera ulere. Gemu iliyonse yamutuluka K2,400. Funso ndi limenelo: K9,000 imeneyi akumupatsira chiyani, ndipo ikuchoka m'thumba mwa ndani?

Che Jafali (Nkhotakota): Apa sindikuonapo chachilendo, bambo a Chisomo. Wopikula thumba lonse la mpunga sagula pa mtengo wa munthu wogula mbale imodzi. Ngakhale mayi wogulitsa usipa amaika basela kwa wogula milu yambiri.

Mayi a Tadala (Dwangwa): Che Jafali, fanizo lanulo likutsimphina. Wopikula thumba amamuchepetsera ntchito wogulitsa, sayezanso ndi mbale, sakhalanso padzuwa tsiku lonse. Nanga wa khadi akuchepetsera ndani ntchito? Mpando ndi womwewo, apolisi ndi omwewo, dzuwa ndi lomwelo. Ndipo taonani amene angathe kutulutsa K36,000 kamodzi. Ndi mphunzitsi, namwino, kalaliki wa kufakitale, munthu wa pamwezi. Wakabaza, wodula nzimbe, mnyamata wokoka khoka, iwowa amapeza K3,000 Loweruka m'mawa nkupita nayo kubwalo masana. Mmodzi wa iwo akapanda kujomba gemu ngakhale imodzi, pakutha pa sizoni walipira K45,000, pamene bwana wakhala naye pafupi walipira K36,000. Wosauka walipira zambiri pa chinthu chimodzimodzi. Zimenezi mtima wanga ukukana.

aPhiri (Salima boma): Mayi a Tadala mwagunda pamene pali vuto lenileni, ndipo tibwererapo. Koma sizoona kuti wa khadi sapereka kanthu. Amapereka zinthu ziwiri. Choyamba ndi ndalama pa nthawi imene timu ilibe chilichonse. Ligi yathu nthawi zambiri imayamba cha mu Epulo nkutha cha mu Disembala. Miyezi ya Febuluwale ndi Malichi pageti sipalowa ngakhale tambala, koma ndiyo nthawi yosainitsa osewera, yogula yunifomu, yolipira zolembetsera ku FAM (bungwe loyang'anira mpira m'dziko muno) ndi ku SULOM (bungwe loyendetsa ligi), yodyetsa anyamata kukampu. Anthu 500 akagula khadi la K36,000, timu yagwira K18 miliyoni mpira usanagundidwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chachiwiri, wa khadi wasenza chiopsezo. Timu ikaluza magemu asanu otsatizana, wolipira pageti amangokhala kunyumba nkumvera pa wailesi, ndalama yake ili m'thumba. Wa khadi zake zinapita kale.

Tsono funso la chilungamo ndi lakuti zinthu ziwirizi mtengo wake ndi wotani. Tiwerenge. Timu ikanakongola kubanki, chiwongola dzanja mu 2024 chinkadutsa 25 peresenti pachaka, tiike 30 kuti samu isavute. Koma musanene kuti wa khadi wakongoza timu chaka chonse. Ndalama ya gemu yoyamba waipereka mwezi umodzi nthawi yake isanakwane, ya gemu yomaliza miyezi isanu ndi itatu kapena isanu ndi inayi. Pakatikati ndi miyezi inayi kapena isanu. Miyezi inayi pa 30 peresenti ndi 10 peresenti. Muonjezerepo pang'ono chifukwa cha chiopsezo chija, mufika pa 12 mpaka 15. Kupyola apo si malipiro a chimene wapereka, ndi mphatso, ndipo mphatsoyo ndi imene mayi a Tadala akuidandaula. Ine ndikanaika khadi pa K39,000, magemu awiri aulere osati atatu.

Che Jafali: aPhiri mwaiwala kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 inagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Zinthu zikatero mtengo wa pageti ukhoza kukwera sizoni ili mkati, koma wa khadi wake sukwera. Chimenechonso ndi phindu lake, ngakhale silinalembedwe pa khadipo.

aPhiri: Zoona, ndipo zikungolimbikitsa kuti 20 peresenti yachuluka.

aMwale (Benga): Nonsenu mukuwerenga ngati K3,000 ya pageti yonse imapita ku timu. Sizili choncho. Gemu ikatha amayamba achotsa zolipira apolisi, oyang'anira zipata, osindikiza matikiti, a chithandizo choyamba. Yotsalayo imagawidwa, pali gawo la mwini bwalo, la SULOM, la FAM, la Khonsolo ya Zamasewero, kenako matimu. Ndiye timu ikagulitsa khadi mu Malichi nkuika ndalama yonse mu akaunti yake, tsiku la gemu anthu 500 alowa osasiya kanthu pachipata. Mwini bwalo adzafunsa kuti gawo langa pa anthu awa lili kuti, ndipo adzakhala akufunsa zoona. Sanavomere kuti aliyense achotseredwe mtengo pa gawo lake.

Njira yoongoka ndi yakuti wa khadi aliyense wolowa aziwerengedwa ngati tikiti ya K3,000, timu nkubweza m'thumba la onse gawo la enawo. Koma taonani chimene chikuchitika. Tiyerekeze kuti theka la K3,000 ndi la ena, theka ndi la timu. Pa wolipira pageti timu imatsala ndi K1,500. Pa wa khadi yalandira K2,400, yapereka K1,500 kwa eni magawo, yatsala ndi K900. Kuchoka pa K1,500 kufika pa K900 ndi 40 peresenti. Mukamati tachotsera sapota 20 peresenti, timu yadzichotsera yokha 40. Ambiri amene amakonda ganizo la khadi samaiona samu imeneyi.

Bambo a Chisomo: Ndiye kuti timu ikuluza, amalume?

aMwale: Zimatengera kuti wa khadi wabwera kangati. Akabwera magemu onse 15, timu ipereka K22,500 kwa eni magawo nkutsala ndi K13,500, pamene akanalipira pageti ikanatsala ndi K22,500. Yaluza K9,000 yonse yokha. Akabwera magemu 12 ndi chimodzimodzi, K18,000 uku ndi uku. Akabwera 10 okha, timu yapereka K15,000 nkutsala ndi K21,000, pamene munthu yemweyo polipira pageti akanaisiyira K15,000. Apa yapindula K6,000. Ndiye phindu la timu likuchokera kwa munthu amene wadwala, wapita kumaliro, kapena msewu waduka. Anthu a makhadi akamajomba ndi pamene buku likuoneka bwino. Atsogoleri ayenera kuidziwa bwino mfundo imeneyi, chifukwa ndi yomwe imawakopa kuti akanize kubwereketsa khadi.

aNabanda (Senga Bay): Nkhani ya kujomba isatidutse, chifukwa kuno kunyanja ndi yaikulu. MAFCO ndi timu ya ku Salima, koma masewero ake a pakhomo yakhala ikuchitira pa Chitowe ku Dwangwa. Kuchoka pa Kamuzu Road kukafika ku Dwangwa pa msewu wa M5 ndi makilomita oposa 150, kudutsa Khombedza, Benga, Nkhotakota. Thiransipoti yopita ndi kubwerera imameza mtengo wa tikiti kangapo. Ndani wa ku Salima angapite ka 12 kuti khadi limubwezere ndalama yake? Khadi limeneli ndi la munthu wa pa Dwangwa amene amayenda wapansi kupita kubwalo. Wa ku Chipoka kapena Lifuwu, ngakhale aikonde timuyo chotani, silimuthandiza. Ndipo mukumbukire madzi osefukira a mu Febuluwale 2024 mmene anaonongera msewu ku Dwangwa. Njira ya kunyanja si yoidalira sizoni yonse.

Chimene chingatithandize ndi kabuku ka matikiti asanu, wogula alipire anayi ndi theka, K13,500 m'malo mwa K15,000, nkusankha yekha magemu oti apite. Ndi 10 peresenti, ndipo ndalamayo munthu wamba akhoza kuifika.

Mayi a Tadala: Apa ndiye tayamba kumvana. Onjezaninso kulipira pang'onopang'ono. Khadi la K39,000 ligawidwe katatu, K13,000 mu Malichi, ina mu Meyi, yomaliza mu Julayi, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Meyi ndi Julayi ndi pamene alimi agulitsa mpunga ndi thonje, ndipo kuno ku Dwangwa nzimbe zayamba kudulidwa, anthu a ntchito ya nyengo ali pamalipiro. Kugulitsa khadi mu Febuluwale mokha, nthawi imene anthu akugula chimanga pa ndowa, nkusankhiratu kuti ligulidwe ndi a pamwezi.

aPhiri: Ndikuvomera, koma pakhale dongosolo. Wolipira katatu sanapereke ndalama yonse msanga, ndiye achotseredwe zocheperako, mwina alipire K13,500 katatu, zonse K40,500. Ndipo gawo lililonse lizitsegula magemu asanu okha. Mukapanda kutero munthu alipira gawo loyamba, aonera magemu akuluakulu ngati agwera koyambirira, kenako wasowa.

Achimwene a Yami (Salima): Mundilole ndiikepo za kunja, poti enafe timatsatira Premier League ngati ya kwathu. Kumeneko matimu ndi 20, magemu a pakhomo 19, ndipo mkangano wake ndi womwewu. Mu Febuluwale 2016 masapota a Liverpool anatuluka mu Anfield pa mphindi ya 77 pa gemu ya Sunderland, kukana tikiti ya mapaundi 77, ndipo patangopita masiku ochepa eni timu anabweza ganizolo. Chaka chomwecho matimu a ligiyo anagwirizana kuti tikiti ya sapota wa timu yobwera isadutse mapaundi 30. Taonani amene anamuteteza: si wa khadi, koma amene wayenda ulendo wautali, monga aNabanda akunenera. Kumapeto kwa 2024 Manchester United inaika mapaundi 66 pa matikiti otsala a gemu imodziimodzi, nkuchotsa mtengo wotsika wa ana ndi okalamba, ndipo masapota anachita zionetsero. A makhadi sizinawakhudze sizoni imeneyo popeza anali atalipira kale. Katundu yense anagwera wogula tikiti imodzi. Timu ikafuna ndalama sizoni ili mkati, wa khadi singamugwire, ndiye imafinya wa pageti.

Kusiyana kwathu ndi iwo nkwakuti kumeneko mabwalo amadzaza ndipo pali mndandanda wa anthu odikira khadi kwa zaka. Khadi limagula mpando wotsimikizika. Kuno bwalo limadzaza kukabwera Bullets, Wanderers kapena Silver, magemu enawo malo ndi ambirimbiri. Ndiye kwathu chokopa wogula ndi mtengo basi.

Che Jafali: Pa magemu atatu amenewo ndi pamene samu ya bambo a Chisomo ikusintha. Kukabwera Maule kapena Manoma mtengo sukhala wofanana ndi masiku onse. Tiyerekeze atatuwo ndi K5,000, ena 12 ndi K3,000. Pamodzi ndi K51,000. Khadi likakhalabe K36,000, wachotseredwa K15,000, pafupifupi 30 peresenti. Powerenga mtengo wa khadi muziyamba mwaika mitengo yeniyeni ya magemu onse 15, osati kungochulukitsa mtengo wa gemu wamba.

aMwale: Eya. Tsopano tipite pachipata, chifukwa dongosolo labwino papepala limafera pamenepo. Khadi wamba lopanda choletsa limalowetsa anthu atatu pa gemu imodzi: woyamba walowa, waliponya kunja pamwamba pa mpanda, wachiwiri walowa nalo, naye waponya. Mankhwala ake si ovuta. Khadi likhale ndi timabokosi 15 tokhala ndi manambala, gemu iliyonse bokosi lake, ndipo woyang'anira chipata aziboola bokosilo ndi choboolera, osati kuchonga ndi bolopeni chifukwa inki pa pulasitiki imafufutika ndi malovu. Likhalenso ndi nambala yakeyake yosindikizidwa. A makhadi akhale ndi chipata chawo chimodzi, pakhale anthu awiri, wina woboola, wina wochonga nambala mu kaundula, ndipo wachiwiriyo asakhale wa timu, akhale woimira mwini bwalo kapena SULOM. Gemu ikafika pa hafu, kaundula atsekedwe, onse asaine, chiwerengerocho chilowe pa fomu yomweyo ya ndalama za pageti.

Zimene zimalakwika ndi izi. Kaundula akakhala wosalembedwa motsatira manambala, kufufuza dzina limodzi kumatenga mphindi, mzere umatalika, anthu amayamba kukankhana. Choboolera chikasowa woyang'anira amangoti lowani, ndiye tsiku limenelo khadi lililonse lasanduka chipata chotsegula. Komanso makhadi osagulidwa akasiyidwa m'manja mwa munthu mmodzi, amatuluka mwakachetechete pa theka la mtengo, ndipo ndalamayo siioneka m'buku. Asindikizidwe owerengeka, otsala aziwerengedwa mwezi ndi mwezi pamaso pa komiti ya masapota.

aNabanda: Za kukankhana musazitchule mongodutsa, amalume. Pa 6 Julayi 2017 pa Bingu National Stadium anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, anafa pothithikana pachipata. Ngati chipata cha a makhadi chikutanthauza kuti anthu 2,000 a pageti atsala ndi zipata zochepa pamene anthu 300 ali ndi chawochawo, ndiye kuchotsera mtengo kwasanduka kuika miyoyo ya ena pachiswe. Chipata cha makhadi chikhale choonjezera, ndipo mzere wake ukatha chizilandiranso a matikiti wamba.

Bambo a Chisomo: Mfundo imeneyo ilembedwe momwemo. Nanga chithunzi pa khadi? Ena akuti pakhale chithunzi cha mwini kuti asabwereketse.

Mayi a Tadala: Ayi. Bokosi likabooledwa, gemu imeneyo yatha, kaya walowa ndi mwini kaya mlamu wake. Timu inalandira ndalama ya mpando umodzi ndipo walowa munthu mmodzi. Kukaniza kubwereketsa nkufuna kudya ndalama ya wodwala uja aMwale anamutchula. Komanso kubwereketsa ndi kumene kungathandize osauka: anyamata atatu a kabaza asonkhe K13,000 aliyense, agule khadi limodzi, azisinthana, aliyense magemu asanu.

Che Jafali: Ndikumva mayi, koma pali mavenda. Munthu agula makhadi 20, gemu iliyonse yamutuluka K2,600. Tsiku la Bullets aima pafupi ndi chipata nkumabwereketsa pa K4,000 pamene pageti ndi K5,000. Iye wadya K1,400 pa munthu aliyense, timu yataya anthu 20 amene akanalipira mtengo wonse.

aMwale: Amatero pa magemu atatu, koma enawo 12 makhadi ake amutsalira m'manja chifukwa palibe amene angavutike kubwereka khadi kuti apulumutse K400. Bizinesi yake siyenda pokhapokha mutachotsa mtengo wambiri. Ukakhala 12 kapena 13 peresenti, venda sapeza pogwira. Muikenso malire, munthu mmodzi makhadi awiri basi, polembetsa ndi chiphaso cha unzika.

Achimwene a Yami: Ku England matimu ambiri ali ndi njira yoti wa khadi akalephera kupita abweze mpando wake ku timu, iugulitse kwa wina, iye nkulandirako gawo. Ena afika poika lamulo loti ukajomba magemu ambiri osabweza mpando, sizoni yotsatira sakugulitsanso khadi. Kuno sitinafike pamenepo, kubwereketsa m'bale nkokwanira.

aPhiri: Chatsala ndi chimene chimachitika gemu ikapanda kuseweredwa pamalo pake. Bwalo likhoza kuletsedwa ndi FAM chifukwa silinakwaniritse zofunika, gemu ya pakhomo nkupita ku Lilongwe. Timu ikhoza kulangidwa kuti isewere popanda oonera. Gemu ya Lamlungu ikhoza kusunthidwa kupita Lachitatu 2:30 masana, mphunzitsi ali m'kalasi. Ndipo tonse tikukumbuka 2020, pamene Covid-19 inachititsa kuti ligi isayambe mpaka kumapeto kwa chaka. Zonsezi zilembedwe kuseri kwa khadi asanagule munthu. Bwalo likasintha kupita boma lina kapena zipata zikatsekedwa, timu ibweze mtengo wa gemu imodzi monga mmene unatulukira pa khadi, K2,600 pa khadi la K39,000, pasanathe masiku 14, pa nambala ya foni imene analembetsa. Kusintha tsiku kokha sikubwezetsa ndalama, poti khadi ndi lobwereketsa. Kuti kubweza kutheke, ndalama ya makhadi isadyedwe yonse mu Malichi. Gawo la eni magawo ena, lomwe pa chitsanzo cha aMwale ndi K22,500 pa khadi lililonse, likhale mu akaunti yapadera yosainira anthu atatu. Zikutanthauza kuti pa makhadi 500 a K39,000, mwa K19.5 miliyoni, yoti timu igwiritse ntchito nthawi yomweyo ndi K8.25 miliyoni yokha. Ndi yochepa kuposa imene ndinanena poyamba, ndipo ndi bwino atsogoleri aidziwe asanayambe kulonjeza osewera.

Bambo a Chisomo: Nanga makapu? Ena akufuna kuti a makhadi azilowa motsika mtengo pa FDH Bank Cup ndi Airtel Top 8.

aMwale: Zimenezo sizingatheke mwachilungamo. Gemu ya chikho si ya timu ya pakhomo, mitengo amaika ndi oyendetsa chikhocho ndipo timu yobwera ili ndi gawo lake. Simungachotsere munthu mtengo pa katundu amene si wanu. Khadi lilembedwe poyera kuti ndi la magemu 15 a ligi.

Che Jafali: Mtengo ayi, koma mwayi woyamba kugula. Timu ikafika mu fainolo nkupatsidwa matikiti ake oti igulitse, amene anaika ndalama mu Malichi asaime pa mzere umodzi ndi munthu amene wayamba kuikonda timu sabata yomweyo.

Mayi a Tadala: Nanga wakabaza uja wabwera magemu onse 15 polipira pageti, Che Jafali? Walipira zambiri kuposa wa khadi, waimba ng'oma kuposa wa khadi, tsiku la fainolo mumuike kumbuyo?

Che Jafali: Tilibe pomudziwira, mayi. Tikiti ya pageti ilibe dzina.

aMwale: Pomudziwira palipo. Tikiti ikang'ambidwa pachipata, theka limatsala ndi wolowa, ndipo pamakhala nambala ndi dzina la gemu. Mulengeze sizoni isanayambe kuti aliyense wobweretsa zidutswa za magemu 10 osiyana awerengedwa pamodzi ndi a makhadi. Ena adzatolera za anzawo, inde, koma kuti zikwane magemu 10 osiyana ayenera kuti amapezeka pabwalo kapena ali ndi m'bale wopezekapo. Matikitiwo agawidwe pawiri, theka la a makhadi ndi a zidutswa kwa masiku awiri oyamba, theka la aliyense kuyambira tsiku lachitatu.

aNabanda: Ndipo ena mwa theka lachiwirilo agulitsidwire ku Salima konkuno, osati onse ku Dwangwa. Fainolo ikakhala pa Bingu, wa ku Salima ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 okha pa M14. Kumutumiza kaye ku Dwangwa kukagula tikiti ndi ulendo wautali kuposa wopita kukaonera gemuyo.

Bambo a Chisomo: Ndalemba. aPhiri, mutitumizire samu ya khadi pa mitengo iwiri ija, K5,000 katatu ndi K3,000 ka 12, pochotsa 13 peresenti, komanso ya wolipira katatu.

aPhiri: Pa K51,000 mukachotsa 13 peresenti patsala K44,370, tingoti K44,500. Wolipira katatu alipire K15,500 gawo lililonse, zonse K46,500. Kabuku ka aNabanda ka matikiti asanu kakhalebe K13,500, koma kalembedwe kuti pa magemu atatu akuluakulu aja mwini wake aziwonjezera K2,000 pachipata.